Akomiti a ku dipatimenti ya Chingerezi

M'mayunivesite a ku America, ophunzira amene akusaka digiri ya udokotala pa mabuku a Chingerezi amakhala ndi kabungwe kawo, kokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Chisankho chake sichivuta. Amene wajomba msonkhano ndiye amapezeka wapambana.

Ine chisoni changa chili pa msungichuma. Munthu woti angakumasulireni Ulysses, chibuku cha James Joyce cha mu 1922 chimene ambiri amachisiyira panjira, koma chuma chonse chimene akusunga ndi chogulira pitsa wa Lachisanu. Mumuone akuwerenga malisiti, tsinya lili gwaa, ngati wanyamula bajeti ya dziko.

Mlembi naye ndi katswiri. Maminitsi amatuluka tsiku lomwelo opanda cholakwika, pamene mutu woyamba wa kafukufuku wake wagona m'kompyuta chaka chachitatu. Mukamufunsa kuti wafika pati, amakuonetsani chithunzi cha mphaka wake. Mphakayo dzina lake Hamlet, ndipo akuti nayenso amachedwa kuganiza.

Wapampando m'mawa amaphunzitsa a chaka choyamba kulemba chimangirizo, usiku n'kumachonga mapepala awo mpaka maso kufiira. Januwale akakwana, amakuntha fumbi jekete lake limodzi lija kupita kumsonkhano wa Modern Language Association, bungwe lomwe linayamba mu 1883. Kumeneko amawerenga pepala lake pamaso pa anthu ochepa, ndipo theka la iwo akungodikira kuti amalize nawonso awerenge awo.

Mayi ake akaimba foni Lamlungu, funso ndi lomwe lija: "Kodi mwanawe, udokotala wakowo uyamba liti kuona odwala?"