Ndatsegula myuziyamu, khomo ndi K500

Mafuta akweranso, abale, koma ulendo uno ine sindikulira nawo. Datsun 120Y yanga inasiya kumwa petulo kalekale. Inakhazikika pa njerwa kuseri kwa nyumba kuno ku Mangochi, machubu ake anasanduka malegeni omangira usipa pa njinga, ndipo pa mpando wa dalaivala pamaikira nkhuku. Mayi a kunyumba amaitcha chiphakasa.

Koma mphwanga wa ku Joni wanditsegula m'maso pa WhatsApp. Ku Franschhoek, kufupi ndi Cape Town, mpondamatiki Johann Rupert anatsegula myuziyamu mu 2007, yodzaza magalimoto akale oposa 200. Anthu amalipira kuti akaone magalimoto oima. Oima, abale! Kani ine ndimagonera chuma, n'kumakongola mchere kwa aneba.

Tsono myuziyamu yanga yatsegulidwa. Kuyang'ana ndi K500. Kukhala mkati ndi K1,000, bola nkhuku ikhale itamaliza zake. Kuliza hutala ndi K200, koma poti batire kulibe, ndimaliza ndine pakamwa. Wofuna kumva kulira kwa injini abwere m'mamawa ndisanamwe tiyi, mawu akadali okhuthala. Wofunsa chaka chimene inayenda komaliza alipira chindapusa.

Nthambi yachiwiri ndaipeza kale: mzere wa pa filing'i siteshoni mafuta akasowa. Masienta, maminibasi, mapikapu a matola, zonse zili duu dzuwa likuswa mtengo, eni ake akupha tulo mkati, mapazi pawindo. A Rupert amawononga ndalama kuti magalimoto awo aime mwadongosolo. Ife akuluakulu amatiimitsira ulere. Changotsala ndi kumanga chingwe, n'kumadula matikiti kwa azungu opita ku Cape Maclear.

Komatu mwezi wonse wabwera kasitomala mmodzi, wogula zitsulo, sikelo ili m'manja. Sanafunse mbiri, anafunsa makilo.

Apa pokha sindikuseka. Pa boma pomwepa tili ndi Lake Malawi Museum. Pali nsanja ya wotchi ya 1903. Pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu 1914 inakaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli. Pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Timadutsapo pa kabaza tsiku ndi tsiku osacheuka, koma za ku Cape Town timatumizirana mpaka bandulo kutha. Anzathu chakale amachipukuta n'kudyerapo, ife timachiyeza pa sikelo.

Kwanga musavutike kubwera, mayi a kunyumba ayamba kale kukambirana mtengo ndi mkulu wa zitsulo uja. Koma Loweruka lino tengani ana, mukawaonetse mfuti ija ndi kuwauza nkhani yake, mkuluyu asanaione.