Kalata yochokera ku Joni: Nyanja atseka, koma osati yonse

Okondedwa achimwene,

Mwafunsa ngati ndi zoona kuti kuno boma limatsekera anthu nyanja, komanso ngati azungu amene amalipira ndalama kuti akangoona nsomba osaidya mitu yawo imayenda bwino. Funso lachiwirilo tilisiye kaye, poti ndi mabwana athu ndipo kalata imatha kusochera.

Loyambalo yankho ndi inde, koma si nyanja yonse. Ku Sodwana Bay, kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kuli matanthwe a korali m'paki ya iSimangaliso, imene UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Kumeneko munthu wamkulu, wa ana ake, amabereka botolo la mpweya, kuvala zipsepse kumapazi, n'kutsikira pansi pa madzi. Masewerowa amati scuba. Matanthwe ena, monga Two Mile ndi Seven Mile, amalola anthu. Ena ngoletsedwa, ubwere ndi marandi odzaza chikwama kapena ayi. Ine ndikuti oletsawo anaganiza bwino. Korali amaoneka ngati mwala, koma ndi tizamoyo ting'onoting'ono tomanga nyumba yawo pamodzi, ndipo mitundu ina imakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Munthu mmodzi wopalasa miyendo mwachisawawa amabenthula m'kamphindi chimene chakhala chikumangidwa chimwana chanu chachisamba chisanabadwe. Ku Thailand anatseka gombe la Maya Bay mu 2018 alendo ataliwononga, n'kudzalitsegula mu 2022, ndipo pamenepo n'kuti ashaki amene anathawa phokoso la maboti atabwerera.

Otsutsa amati chimene chikupha korali ndi kutentha kwa madzi, osati mapazi a alendo. Pang'ono akunena zoona. Madzi akatentha kwambiri korali amayera n'kuyamba kufa, ndipo zimenezi zinachitika m'nyanja zambiri mu 1998 ndi mu 2016. Koma wodwala malungo simumusenzetsa thumba la chimanga chifukwa choti thumbalo sindilo linamudwalitsa. Korali wosapondedwa, wosagwetseredwa nangula, ndiye amene ali ndi mwayi wochira.

Dandaulo lenileni ndi la oyendetsa maboti ndi ophikira alendo, poti iwowa sadya malamulo. Komatu munthu wa botolo kumsana akamuletsa malo amodzi sapita kukagona. Kumwera kwa Durban, pafupi ndi Umkomaas, kuli Aliwal Shoal, kumene anthu amakacheza ndi ashaki a mano osalongosoka komanso kukazungulira sitima ziwiri zomira, Nebo ya mu 1884 ndi Produce ya mu 1974. Taganizani, achimwene, sitima inalephera ntchito kalekale koma mpaka lero ikulowetsa ndalama. M'miyezi ya June ndi July timasadini timayenda m'chigulu chachikulu kugombe la kum'mawa, ndipo alendo amatitsatira ndi makamera pamene ife tikanatitsatira ndi mchere. Ku Cape Town amalowa m'madzi ozizira kukayenda m'nkhalango ya zomera zotchedwa kelp, kumene anajambula filimu ya My Octopus Teacher imene inapata Oscar mu 2021. Amantha amakamira m'thanki ku Two Oceans Aquarium, kumene nsomba zimakhala zitadya kale.

Chifukwa chimene ndakulemberani zonsezi ndi chakuti malo amodzi abwino opatukirako ali pakhomo panu. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaizindikira mu 1984, zaka 15 iSimangaliso asanalowe m'kaundulamo. Mudzati kwathu kulibe korali. Kulibedi, koma kuli mbuna za mitundu mazanamazana zimene sizipezeka m'nyanja ina iliyonse, madzi opanda mchere wolowa m'maso, ndiponso mulibe shaki. Za ng'ona musayambe ndinu kuzitchula, mlendo akafunsa ndiye muyankhe zoona. Ndipo za kutseka nyanja si ife ofunika kuphunzitsidwa ndi aliyense. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, amfumu a Makanjira ndi anthu awo amaletsa usodzi m'nyengo ya dzinja chaka chilichonse kuti nsomba ziswane, ndipo akatsegula asodzi amakhamukirako.

Ndiye ndalama yogulira ukonde wa maso ang'onoang'ono imene munapempha ija sinditumiza. Mbuna imodzimodziyo mlendo wa lero aiona, wa mawa aionanso, onse akulipira, pamene mukaikazinga ndi ya tsiku limodzi. Mwana wanu wamkulu uja amasambira kale bwino, kafunseni ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay mtengo wa maphunziro a scuba, mundiuze. Ya feteleza ifika mwezi ukatha.

Ndine mng'ono wanu,
ku Durban