Mphaka wagwira mausi ku Nzama

Kuno ku Nzama kuli kagulu ka achinyamata kamene kadadzipereka kumasulira m'Chichewa masewera a ana apakompyuta, amtundu wa GCompris uja adayambitsa Mfalansa Bruno Coudoin mu 2000, amene aliyense wofuna amaloledwa kuwamasulira. Malipiro palibe, ngakhale ya sopo. Bandulo amagula okha akagulitsa kachewere. Kumasulirako sikuwavuta. Mutu umawawa pamene anzawo a ku Lilongwe, Zomba ndi Johannesburg, amene amadzitcha komiti, agwirizana pa WhatsApp usiku kuti liwu lakuti lisinthidwe. Komiti imagamula n'kukagona. Osakasaka liwulo m'mizere yonse ndi a kuno.

Poyamba kachipangizo ka pakompyuta kogwira m'manja kaja adakatcha mbewa. Tsiku loyesa masewerawo, kompyuta idalamula kuti, "Gwirani mbewa ndi dzanja lamanja." Unali mwezi wa Ogasiti, tchire atatentha. Anyamata atatu adatuluka mwakachetechete, ndipo pobwera wina anali ndi khasu, wina ndi akapuku awiri m'thumba la kabudula.

Komiti idati basi, kuyambira lero tizilemba mausi. Mnyamata wosunga laputopu, pofuna kufulumira, adauza makina kuti paliponse pali mbewa aikepo mausi. Makina sanyozera. M'masewera ophunzitsa mayina a nyama mudatuluka chithunzi cha mphaka ali ndi kanthu kukamwa, pansi pake palembedwa kuti, "Mphaka wagwira mausi."

Kamtsikana kena kadaimika mkono. "Aphunzitsi, nanga ifeyo tigwira chiyani?"

*

Mwana akalephera katatu, masewera ankalemba kuti, "Moyo wanu watha." Agogo ena, atamva mdzukulu akuwerenga mokweza, adalanda foni n'kuivundikira ndi mbale, kenaka ulendo kwa akatekisiti kukapempha madzi odalitsa.

Komiti idavomera kuti mawuwo ngoopsa, m'malo mwa moyo pakhale mwayi. Mnyamata uja sadatengerepo phunziro pa za mphaka. M'mawa mwake phunziro la sayansi linkati ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku ndi zamwayi, pomwe mwala ndi chinthu chopanda mwayi.

"Mbuzi yamwayi kuno kwa Angoni?" adatero agogo aja atauzidwa. "Ingodikira Khirisimasi, tidzaone mwayi wakewo."

Pa mndandanda wa omasulira, onse amfunda wa Moyo adadzuka ali a Mwayi. Mmodzi adalemba kudandaula, wina adati musasinthe, mwina zinthu ziyamba kuyenda.

*

Chimene a komiti amaiwala n'chakuti dzina la m'Chichewa siliyenda lokha, limakoka abale ake onse m'chiganizo. Atagamula kuti batani ndi Chingerezi chovala nsanza, tizinena chodinira, makina adatulutsa izi: "Dinani chodinira lofiira ili. Machodinira enawo asiyeni."

Aphunzitsi ena opuma, amene adaphunzitsa Chichewa zaka zambirimbiri, adawerenga kawiri, navula magalasi, nawerenganso. Kenaka adatulutsa bolopeni yofiira m'thumba la jekete. Anyamata adachita kuwagwira dzanja asanachonge pagalasi la laputopu.

"Ana inu," adatero akunjenjemera, "wolemba izi adakhoza bwanji Sitandade 8?"

"Ndi makina, bambo."

"Abwereze kalasi."

*

Kenaka kudalowa wodzipereka wina wa ku Chipata, munthu wakhama kwambiri. Ku Zambia amalemba cakudya, cinthu, Cinyanja, monga tinkalembera ifenso kale. Ataona chakudya ndi chinthu adaganiza kuti Amalawi chala chimaterera, nachezera usiku wonse kuchotsa h aliyense. Kutacha, mnyamata wathu adapsa mtima n'kulamula makina kuti c yense akhale ch. Tsoka ilo, mafayilo ena wa ku Chipata uja anali asanawafike. Ana adapeza chhakudya chhabwino, ndipo powerenga mokweza kalasi yonse idamveka ngati yagwidwa chimfine.

Mkulu wina wopuma ntchito yaukalaliki adaseka mpaka kutsokomola. Adati nkhondo imeneyo iye adaimenya kale ndi taipi. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, mu 1972 kudabwera Chichewa Board, ndipo malamulo a kalembedwe a 1973 adakhazikitsa ch uja. Boma lathu lomwe lidali Ncheu lidapatsidwa t, Cholo adasanduka Thyolo, Mlanje adakhala Mulanje.

"Ndiye munkasintha bwanji popanda kompyuta, agogo?"

"Tinkang'amba pepala n'kuyambiranso. Koma chidindo cha mu ofesi chidakhalabe cha Ncheu mpaka chidatha chokha. Pamwamba pa kalata Ntcheu, pansi Ncheu, ndipo kalata inkafika."

Bodi ija idatha, mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, koma mkuluyu polembera ana ake amalembabe Ncheu. Akuti t sadamuonepo akulipira msonkho.

*

Pali chinanso. Eni masewera kunja kuja akangosintha liwu limodzi m'Chingerezi, pulogalamu imaika chizindikiro chokayikira pa mzere womasulira, imati fuzzy, ndipo mpaka munthu atauonanso, mzerewo umaoneka m'Chingerezi. Sabata ina eni ake adakonza mawu ambiri nthawi imodzi, achinyamata athu ali kalikiriki kukumba kachewere. Masewera adayamba kupereka moni m'Chichewa, kufunsa funso m'Chingerezi, n'kuyamikira m'Chichewa.

Bambo wina adabwera kudzathokoza atanyamula kabichi ziwiri. "Zikomo achimwene, ndaona kuti mwana wanga mwamukweza kalasi. Chingerezi chayamba kulowa."

Palibe adalimba mtima kuwauza zoona. Kabichi zidadyedwa.

*

Akatekisiti nawo ali ndi mbali yawo. Amati pa mishoni pano, pamene ansembe a Montfort adafika mu 1901 m'dziko la mfumu Njobvuyalema, nkhani ya mawu sidayambe lero. Buku Loyera litatuluka mu 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika pamodzi ndi mipingo ina, lidalemba Chauta pamene Buku Lopatulika lidalemba Yehova, ndipo mpaka pano pamaliro mlaliki amawerenga china, khamu n'kumatsatira china chapamtima. Ndiye atamva kuti komiti ikukangana ngati posunga masewera tizinena sungani kapena sevani, adapereka maganizo awo: pulumutsani.

Adayesa tsiku limodzi lokha. Magetsi a sola atatsala pang'ono kutha, kompyuta idafunsa mwana kuti, "Kodi mukufuna kutuluka osapulumutsa?" Mwanayo adagwada.

*

Sabata ino uthenga wafika kuti komiti ikuganiza zobwezeretsa mbewa, poti mausi si Chichewa. Inu a komiti, gamulani mmene mungafunire, koma chigamulocho chibwere pamodzi ndi bandulo, ndipo mudikire kaye nyengo yosaka ithe.