Mbale za Adada ndi Simbi Yanga

Makala musimbi muja ndinaika ndine, palibe amene anandituma. Ndayamba ndi kuvomera zimenezo chifukwa ku Mzimba nkhaniyi ena akuikamba mokometsera.

Uphunzitsi utandiponya ku Mzimba boma kuchokera kwathu ku Dedza, masabata ankanditalikira. Chitumbuka changa chinali cha "monire" ndi "yewo" basi. Lamulungu lina masana ndikudutsa kuseri kwa msika, ndinamva lipenga likulira pakhonde la mkulu wina wokonza mawailesi. Panali madoda asanu, imvi zili mbuu, atazungulira galamafoni ngati akuwotha moto. Anandikokera mpando n'kunditcha "Asambizgi".

Anthu amenewa jazi sanaiwerenge m'buku. Ku Mzimba mudzi wopanda mwana ku Joni n'ngosowa, ndipo zinayamba kalekale. Atatu mwa iwo anapita kumigodi pa Wenela, n'kubwerako Kamuzu ataletsa maulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. M'masutikesi mwawo munali mabulangete, majekete ndi mbale za nyimbo. Mkangano wawo sunkasintha. Wina ankati jazi yeniyeni ndi ya pa Blue Note, kampani ya ku New York ya mu 1939, zinazi n'zoseweretsa. Wina ankati munthu amene sanavinepo kwela ya Spokes Mashiyane asatsegule pakamwa. Mwini khonde ankamenya tebulo: nanga Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka? Nanga Alan Namoko, amene gulu lake ankalitcha Chimvu Jazz? Ankagwirizana pa Wambali Mkandawire yekha. Chikangolira chimbale cha Zani Muwone cha mu 2002, onse ziii, mitu yokha ikugwedera.

Ndikanangokhala chete bwenzi lero ndili munthu. Koma mphunzitsi akakhala chete amadwala. Nditaona dzina limodzimodzi ndi chithunzi cha tambala pambale zambiri, ndinakonza kukhosi.

"Adada, ine pa onsewa ndimakonda Gallo. Munthu ameneyu ali ndi mphatso, pena amaimba ngati mkazi."

Singano yokha ndiyo inkamveka. Kenako mwini khonde anati, "Asambizgi, Gallo ndi kampani ya ku Johannesburg, inayamba mu 1926. Amene mukumumvayu ndi Miriam Makeba."

Sabata yotsatira ankadandaula za Lake of Stars, chisangalalo chimene chinayambira ku Chintheche mu 2004, kuti amangodzaza achinyamata odumphadumpha. Aliyense ankatchula woimba amene iye akanamuitana. Ine ndinali nditakonzekera usiku wonse. "Aitane Hugh Masekela!" Munali mu 2019, ndipo mkuluyo anali atamwalira mu Januwale 2018. Mmodzi anangoti, "Mukawapeza, Asambizgi, mukatiperekereko moni."

Choncho pamene anatchula za adada ena a kufupi ndi Embangweni, mnzawo wa kumigodi amene miyendo inali itamukana, koma ali ndi katoni ya mbale zimene onse ankazilakalaka, ndinalumpha. Ndikatenga ndine. Ndinkafuna kutsuka dzina.

Adadawo anandilandira ndi nsima ya nkhuku. Anatulutsa mbalezo pansi pa bedi, iliyonse itakulungidwa m'nsalu. Zisanu ndi imodzi zinali zolemera, za 78, zimene bambo awo anabwera nazo ku Joni iwo asanamere mano. Imodzi yaikulu yopepuka, ya Masekela yemweyo, anawatumizira mwana wawo. Anandilangiza zinthu ziwiri: zisagone chafufumimba, ziime chilili, zisaone dzuwa. Ndinati, "Yewo, adada," koma mtima uli pa ulemu umene ndikalandire pakhonde.

Unali Okutobala. Matola amene ndinakwera anali pikapu yodzaza matumba a chimanga, njinga ziwiri ndi mbuzi. Katoni ndinaifungatira bwinobwino mpaka galimoto inafa pakati panjira. Atati amuna atsike akankhe, ndinaigoneka pamwamba pa matumba. Tinakankha, sinalire. Tinakhala pansi pa mtengo maola atatu kudikira mnyamata amene anapita kukasaka sipeya, ine ndikufotokozera anthu mbiri ya kampani ya Gallo. Pobwerera kugalimoto ndinapeza mayi wina wathupi ndithu atakhala pakatoni paja, akuyamwitsa mwana.

Kunyumba ndinatsegula ndi manja onjenjemera. Tsiku limenelo ndinaphunzira zimene madoda aja sanandiuze: mbale za 78 n'zouma ngati phale, sizipindika, zimasweka. Zinayi zinali zidutswazidutswa. Ya Masekela ndi ya pulasitiki, siisweka msanga koma imamva dzuwa. Inali itapindika ngati chipewa cha mlonda.

Apa m'pamene nzeru za mphunzitsi zinabwera. Chimene chapindika ndi kutentha, ndinaganiza, chiwongokanso ndi kutentha. Ndinakoleza makala, kuika musimbi, kuyala chitenje cha akazi anga pamwamba pa mbaleyo, n'kuyamba kusita monga ndimachitira ndi kolala ya malaya Lolemba m'mawa. Inawongokadi, ndisaname. Koma nditasenda chitenje, mbali ina chitakanirira, timizere tonse tija mmene mumayenda singano tinali titafafanizika. Mbale ili see, kusalala ngati galasi, maluwa a chitenje atadindika pakati.

Lamulungu ndinapita nayo pakhonde. Mwini khonde anaitembenuza kawiri, kuinunkhiza, n'kuiika pagalamafoni, kuti mlandu uoneke ndi onse. Singano inatsetsereka kuchoka m'mphepete mpaka pakati, fyuu, osapeza pogwira.

Ku Embangweni ndinabwererako ndekha, nditanyamula tambala ndi mbale ziwiri zotsala. Ndinagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, za mayi uja ndi za simbi zomwe. Adadawo anatenga chidutswa chimodzi cha 78, n'kumachisisita ndi chala nthawi yaitali. Anati imeneyo bambo awo ankaiika pa Khirisimasi pokha. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangofunsa ngati chitenje cha amama chinapulumuka.

Mbale yositidwayo ilipobe pakhonde paja, amavindikirira jagi ya thobwa kuopa ntchentche. Ine amandilola kukhala nawo, koma mpando wanga uli kutali ndi galamafoni, ndipo dzina la Asambizgi linatha. Ngakhale ana a sukulu akandiona pamsika amati, "Monire, a Gallo."