Mwana wa Ng'ona ndi Maiwe a M'kalasi

Makolo amene anasiya mwambi wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi sankadziwa kuti tsiku lina akatswiri a maphunziro a ku Massachusetts, m'dziko la America, adzalemba mabuku ochindikala pofotokoza mfundo yomweyo, imene agogo ankaigawa ulere pansi pa kachere. Bungwe la CAST, lomwe linakhazikitsidwa mu 1984, ndilo linakonza njira yotchedwa Universal Design for Learning, kutanthauza kukonza phunziro kuyambira pachiyambi pomwe m'njira yoti osaona, osamva, ogwira msanga ndi ochedwa kugwira onse alowemo, popanda wina kudikira kuti amusokere chigamba pambuyo pake. David Rose ndi Anne Meyer a bungweli anabwereka ganizoli kwa Ronald Mace, wojambula mapulani a nyumba amene ankayendera njinga ya olumala, ndipo mfundo yake imaoneka pa chitsetso chomangidwa pakhomo, chimene amamangira njingayo koma pamadutsanso wokankha wilibala ndi nkhalamba ya nyamakazi, osathokoza n'komwe.

Njirayi imafuna kuti mphunzitsi akumbe maiwe angapo pokopa chidwi cha ana, popereka phunziro, ndi polola mwana kuonetsa zimene wagwira. Mavuto amayamba mwambiwu ukakumana ndi miyezo ya maphunziro, yomwe ndi ziganizo zonena zimene mwana ayenera kudziwa kapena kutha kuchita pomaliza kalasi, monga ya Common Core imene inatuluka ku America mu 2010. Miyezoyi ili mitundu iwiri, ndipo chimene chimaulula mtundu wake ndi mneni. Muyezo ukati mwana afotokoze mmene mvula imapangikira, ndiye kuti ukufuna chidziwitso chokha, choncho wina angajambule mitambo, wina angachite sewero, ndipo wina angalankhule mpaka mphunzitsi kuodzera, onsewo n'kukhoza mofanana. Koma muyezo ukati mwana alembe chimangirizo chokopa owerenga, luso lolembalo ndilo likuyezedwa, moti wophunzira wobwera ndi ng'oma kuti avine chimangirizo chake mwa beni, ngakhale atadula chiuno mpaka fumbi kobo, salandira malikisi ayi.

Apa mpamene ochenjera amapotoza mwambi, poiwala kuti akuluakulu anati dziwe, ndipo sanatchulepo nkhokwe kapena nsonga ya mgwalangwa. Mwana wa ng'ona amasintha madzi, koma kulikonse kumene wapita amakasambirabe. Ngakhale pa muyezo wa luso maiwe alipo ndithu, chifukwa mwana angasankhe yekha mutu, kaya mtengo wa feteleza kaya mkangano wosatha wa matimu a mpira a Bullets ndi Wanderers, angalembe ndi cholembera, pakompyuta kapena pamakina a Braille, ndiponso wochedwa angayambe ndi ndime imodzi anzake ali pa yachitatu. Mphunzitsi wotseka maiwe onsewa amayeza kukongola kwa zilembo poganiza kuti akuyeza nzeru, pamene wotsegula onse mosayang'ana mneni amatulutsa ovina odziwa bwino amene sangathe kulemba kalata yofunsira ntchito.

Ku Malawi, kumene sukulu za pulayimale zinasefukira boma litachotsa fizi mu 1994, mphunzitsi wa ana oposa 100 ndi choko chimodzi angamve zonsezi ngati nthano za anthu okhuta. Komabe iye yemweyo akamwaza zitsekerero za mabotolo ndi timitengo pansi kuti ana awerengere, ena akuimba manambala ndipo ena akulemba pamchenga ndi chala, amakhala atakumba kale maiwe atatu asanamvepo dzina la CAST. Nalo bungwe la MANEB limasindikiza mapepala a mayeso m'zilembo za Braille kuti osaona awerenge ndi zala, koma satifiketi imene amalandira akakhoza ndi yomweyo ya anzawo openya.