Chibaba cha Mfuti Yatsopano Chilemekezeke

Pali zilakolako zimene anthu amaziyamikira poyera, monga kukonda sukulu kapena kukonda ntchito. Pali zinanso zimene zimagwira ntchito usana ndi usiku popanda wozinenera zikomo. Chimodzi mwa izo ndi chibaba chimene chimagwira amuna ambiri a ku America okonda kuwombera chandamale chapatali: kugula mfuti, kuisisita milungu ingapo, kuigulitsa, n'kugula ina. Akazi awo amati ndi matenda. A kubanki amangoti ngongole. Ine ndikuti ndi mfumu yopanda oimbira m'manja, ndipo lero ndaima kuti ndiiombere.

Masewera ake ndi otere. Munthu amagona chafufumimba kapena kutsamiritsa mfuti pamwala, patayala kapena pampanda, n'kuyesa kulasa kachitsulo komwe kali pa mtunda wa mayadi 600, 800 ngakhale 1,000, wotchi ikumuwerengera masekondi. Akalasa, chitsulo chimalira. Akaphonya, kumangobuka fumbi. Mipikisano ya Precision Rifle Series, imene inayamba mu 2012, ndiyo inakokera anthu ambiri ku masewerawa, ndipo kumene kuli fumbi lobuka pambali pa chitsulo, a Chibaba amafika msanga kudzapepesa.

Tisanawayamike, tikumbukire mdima umene unalipo iwo asanakhwime. Chipolopolo cha .308 Winchester chinatuluka mu 1952, mfuti ya Remington 700 mu 1962. Bambo ankagula imodzi, kuwomba nayo zaka makumi atatu, n'kudzasiyira mwana wake. Tangoganizani umphawi wa mtima wotero: munthu kukhutira! Mwamwayi, mu 2007 kampani ya Hornady inabweretsa 6.5 Creedmoor, chipolopolo chosakankha phewa kwambiri komanso chosagonja msanga ku mphepo. Mu 2015 Ruger inatulutsa mfuti yolasa patali pa mtengo woti wapantchito wamba aikwanitse. Khomo linatseguka. Amene anasiya .308 chifukwa cha 6.5 Creedmoor anadzamva kuti akatswiri asamukira ku 6mm Creedmoor. Asanamalize ngongole, anamva za 6 Dasher, kenako 6 GT, kwinaku 6.5 PRC ikumukodola. Januwale aliyense makampani amasonkhana ku Las Vegas pa chionetsero cha SHOT Show, ndipo munthu amene anagona ali mwini mfuti yapamwamba amadzuka ali mwini chinthu chachikale, chikhalirecho mfutiyo sinatuluke m'sefa. Ndi mphamvu iti ina imene ingakalambitse chitsulo usiku umodzi popanda dzimbiri?

Ubwino woyamba wa a Chibaba ndi maphunziro. Mwamuna amene anathawa masamu kusukulu amasanduka mphunzitsi wa ngodya. Amakufotokozera MOA, muyeso umene pa mayadi 100 umakwana inchi imodzi ndi kanyenyeswa, ndipo amalumbira kuti mfuti yake imaunjika zipolopolo pa malo osakwana theka la pamenepo. Umboni ulipo: kapepala kokhala ndi mabowo atatu ogundana, kodulidwa bwino, kosungidwa m'chikwama pamodzi ndi chithunzi cha ana. Chifukwa chiyani atatu? Chifukwa chachinayi chimakhala ndi mwano. Ukawomba khumi, mabowo amamwazika n'kuyamba kunena zoona, ndipo choonadi chimawononga mtengo wogulitsira. Chipolopolo chikapita kutali ndi anzake amachitcha chosokera, n'kuchichotsa m'kaundula. Makampani ambiri nawonso amalonjeza za kulasa kwa mfuti zawo poyesa ndi zipolopolo zitatu, choncho wogula ndi wogulitsa amamvana popanda kukangana.

Ubwino wachiwiri ndi chifundo. Wachibaba amagula mfuti ya Tikka yochokera ku Finland, amaichotsa thako lake n'kuikapo lachitsulo, amasintha kokhethemulira, amaikweza galasi loonera patali la Nightforce kapena Schmidt & Bender limene mtengo wake ungapose wa mfutiyo, amawonjezera zitsulo zolemetsa mpaka ifike makilogalamu khumi kuti isagwedezeke. Ikakwanira bwinobwino, mtima umazizira. Amaigulitsa motchipa kwa munthu wosamudziwa, ndipo ngati wogulayo ali m'chigawo china, lamulo limafuna kuti idutse kwa wogulitsa mfuti wa chiphaso, amenenso amadyapo kake. Ndani wina amatuluka thukuta miyezi isanu ndi umodzi kukonzera mlendo mphatso? Anthu amati wataya ndalama. Iye amati wapeza malo m'sefa.

Ngakhale nyama zakutchire zimadyerera. Kuyambira mu 1937, lamulo la Pittman-Robertson limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo n'kuupereka ku ntchito yosamalira nyama ndi malo ake okhala. Lero msonkhowo ndi 11 peresenti pa mfuti zazitali zatsopano ndi zipolopolo. Ndalama zimenezi zinathandiza kuti agwape ndi nkhukundembo zam'tchire zichulukenso ku America. Ndiye onani: munthu wathuyu sapha kanthu, amangovutitsa zitsulo, koma nthawi iliyonse akasiya mfuti yabwinobwino n'kugula yatsopano, gwape wina amapeza msipu. Wokhutira ndi mfuti ya agogo ake wadyetsa ndani?

Koma zonsezi n'zazing'ono. Mphatso yaikulu ya a Chibaba ndi yakuti amateteza munthu kuti asakumane ndi mphepo maso ndi maso. Pa mayadi 1,000, kamphepo kopingasa kothamanga makilomita 16 pa ola kamatha kukankha chipolopolo cha .308 mamita opitirira awiri. Kugwa kwa chipolopolo kumawerengeka, ndipo kachipangizo ka Kestrel kamakuuza mphepo ya pamene waima. Koma ya pakati pa chigwa, ya kutsidya kwa mtsinje, ya pafupi ndi chandamale, imeneyo uyenera kuiwerenga wekha pa udzu, pa fumbi ndi pa kunjenjemera kwa mpweya wotentha m'galasi. Luso limeneli siligulitsidwa m'sitolo. Limabwera ndi kugona padzuwa, kuphonya, kulemba m'kabuku, kuphonyanso, chaka ndi chaka, ndi mfuti imodzimodziyo mpaka uidziwe mkhalidwe wake. Ndi njira yowawa, chifukwa pamapeto pake umazindikira kuti wolakwa ndi amene wagona kumbuyo kwa mfuti. Apa ndi pamene a Chibaba amaonetsa ukulu wawo. Munthu asanafike pa chidziwitso choopsacho, amamunong'oneza kuti vuto ndi mpope wa mfutiyo, kapena galasi, kapena mtundu wa chipolopolo. Mboni imagulitsidwa isanapereke umboni. Yatsopanoyo ilibe mlandu, sinaphonyepo, ndipo masabata angapo oyembekezera kuti ifike ndi okhawo amene mwini wake amakhala katswiri wosagonjetseka.

Adani a a Chibaba amakonda kukumba nkhani ya Creedmoor weniweni, bwalo lowomberapo la ku Long Island kumene dzina la chipolopolo chija linachokera. Mu 1874 timu ya ku Ireland inapikisana kumeneko ndi ya ku America pa mayadi 800, 900 ndi 1,000. Analibe magalasi oonera patali pa mfuti zawo, analibe Kestrel, wonga wake unali wakuda wofuka utsi, ndipo a ku Ireland ankathira wonga ndi chipolopolo cha kukamwa kwa mfuti zawo za Rigby. Komabe ankalasa pakati mobwerezabwereza. America inapambana ndi mapointi 934 kwa 931, ndipo chinapweteketsa alendowo n'chakuti mmodzi wa iwo analasa bwinobwino chandamale cha wina. Adaniwo amati nkhaniyi ikusonyeza kuti luso lili mwa munthu. Ine ndikuti ikusonyeza kuopsa kokhala ndi mfuti yodalirika: munthu uja analibe ponamizira, anasenza yekha manyazi mpaka kwawo. Akanakhala wa masiku ano akanangoigulitsa.

Amanenanso kuti ndalama zogulira mfuti yachisanu zikanagula zipolopolo zambirimbiri zophunzirira. Amaiwala kuti mpope umatha. Moto wa wonga umadya chitsulo pang'onopang'ono, ndipo mipope ya zipolopolo zothamanga za 6mm imayamba kumwaza ikawomba zikwi ziwiri kapena zitatu zokha. Chipolopolo chimakhala mumpope kanthawi kongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mukaphatikiza, moyo wonse wa ntchito wa mpope wodulawo ndi masekondi owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Kodi si nkhanza kumaliza moyo waufupi chotere chifukwa chongofuna kuphunzira? Wachibaba amausunga. Mfuti zake zimaima m'sefa zopakidwa mafuta, zonyezimira, ndipo zikamapita kwa mwini watsopano amatha kunena mosanama kuti sizinagwire ntchito kwenikweni.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndi zoona, koma pusiyo analibe sefa yoikamo zipatso zonse, ndipo palibe anamuuza kuti nthambi yatsopano ituluka Januwale.

Choncho a Chibaba, mukhale ndi moyo wautali. Musatope kuyendera ana anu usiku, pamene nyumba yagona ndipo iwo akuwerengetsera mwakachetechete kuti akagulitsa ziwiri n'kuwonjezera pang'ono apeza ija yeniyeni. Ndipo muwalimbitse mtima pa tsiku la mayesero, pamene pabwalo pafika mkulu wina wa imvi ndi .308 yake yosupuka utoto, n'kugona pansi, kuyang'ana udzu kanthawi, n'kuliza chitsulo kasanu motsatizana iwo akungobutsa fumbi. Pa ola limenelo chikhulupiriro chimagwedezeka, ndipo wofooka angathe kufunsa kuti, “Bambo, mphepoyi mwaiwerenga bwanji?” Musalole. Muikeni m'kamwa mawu oyenera mwana wanu weniweni: “Bambo, mfuti imeneyi mungandigulitse zingati?”