Kalumo ka Mlendo ndi Mitu ya Akuluakulu a Magetsi

Mwambi wakuti "mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa" umaphunzitsa kuti nkhani imene yakanika eni mudzi ikhoza kumasulidwa ndi munthu wongofika kumene. Malumo a pamudzi amabuntha chifukwa chometa mitu yomweyomweyo chaka ndi chaka. Masiku ano kalumo kaja kali ndi pasipoti, ndipo kamayenda m'zikwama za akuluakulu a makampani a magetsi akamapita kumaiko ena pa maulendo a zamalonda.

Ulendo wotere umakonzedwa ndi boma, ofesi ya kazembe kapena bungwe la amalonda. Kuno kwathu limodzi mwa mabungwe okopa alendowa ndi Malawi Investment and Trade Centre, ndipo njira yawo inatseguka kwambiri mu 2017, pamene ntchito yopanga magetsi inachoka ku ESCOM n'kupita ku EGENCO, makampani ena n'kuyamba kuloledwa kupanga magetsi ogulitsa. Dongosolo la ulendo silisinthasintha: kufotokozeredwa malamulo a dzikolo, kukumana awiriawiri ndi eni nthaka, kukayendera malo a ntchito, kenako phwando la madzulo pomwe aliyense amaseka nthabwala za nduna.

Phindu loyamba ndi chitseko. Bwana wobwera yekha amakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, n'kuuzidwa kuti "abwana ali mu miting'i, mubwerenso mawa." Bwana yemweyo akafika pambuyo pa kazembe, miting'i ija imatha yokha.

Phindu lachiwiri ndi maso. Lipoti limanena kuti magetsi ambiri a m'Malawi amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, koma silinunkha matope. Mlendo amamvetsa nkhaniyi akaima pa Nkula n'kuona zinyalala ndi namasupuni zikukokoloka kulunjika kumakina. Phunziro lina limabwera lokha m'chipinda cha msonkhano: wolankhula ali pakati pofotokoza za mwayi waukulu wa malonda, magetsi thi! Anthu amakhala chete mumdima, wina n'kuyatsa tochi ya foni, mpaka jenereta ya hotelo itsokomole kuseri. Pa zolankhula zonse za tsikulo, jeneretayo ndiyo imanena zoona zokhazokha.

Malumo amene alendo amabweretsa ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la kalumo kometadi. Dziko la Japan linathandiza kumanga Tedzani IV, imene inayamba ntchito mu 2021. Chaka chomwecho kampani ya ku Canada ya JCM Power inatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima, ndipo mu 2022 inawonjeza a mamegawati 20 ku Golomoti, okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Kufunika kwa ntchito zoterezi kunaoneka namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi.

Gulu lachiwiri ndi la kalumo kojambulitsa. Kameneka kamatchedwa MoU, chikalata chonena kuti mbali ziwiri zagwirizana kuti tsiku lina zidzagwirizana. Kamanyezimira bwino pa chithunzi cha anthu ogwirana chanza, koma tsitsi silithothoka ngakhale limodzi. Ntchito ya magetsi a malasha ya mamegawati 300 ku Kam'mwamba, m'boma la Neno, yakhala ikutchulidwa kwa zaka zoposa khumi, ndipo utsi wake sunaipitsebe mpweya wa munthu aliyense.

Gulu lachitatu ndi la kalumo kakuthwa mopitirira, kamene kamatenga tsitsi pamodzi ndi khutu. Mgwirizano wogulitsana magetsi umatenga zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri mtengo wake umatsatira dola, pomwe wogulayo amatolera makwacha kwa anthu ogula mayunitsi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wokhala ndi ngongole ya madola anadziwa tanthauzo la kumetedwa mpala wopanda madzi. N'chifukwa chake pa ulendo wanzeru pamakhala loya ndi wowerengera ndalama, anthu amene sawomba m'manja msanga.

Mwambiwu uli ndi mbali imene apaulendo amakonda kuiiwala: munthu akatsika ndege ku Cape Town kapena ku Dubai, mlendo ndi iyeyo, ndipo eni mudzi amayembekeza kuona kalumo kake. Kalumo ka bwana wa magetsi ndi mapepala: kafukufuku wosonyeza kuti ntchitoyo ingatheke, malo opanda mikangano ya mafumu, chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndi umboni wakuti pali mawaya onyamula magetsiwo. Wonyamula zimenezi amabwerako ndi tsiku la msonkhano wachiwiri. Wonyamula sutikesi yopanda kanthu amabwerako itadzaza nsapato, pamodzi ndi mulu wa makadi a anthu amene nkhope zawo waiwala kale.

Gawo lomaliza la ulendo limachitikira kunyumba, poti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Makalata amafunika kuyankhidwa sabata yomweyo, mlendo asanakamete mudzi wina. Ngakhale zonse zitayenda bwino, kumetako kumatenga nthawi: makampani a EDF ndi Scatec anasankhidwa mu 2022 kuti atsogolere ntchito ya Mpatamanga, ya mamegawati oposa 350, ndipo damu lotere limadya zaka zambiri lisanayatse babu ngakhale limodzi. Motero phindu la ulendo silipezeka mu lipoti limene apaulendo amalemba akangofika. Amene amalidziwa ndi wachigayo wa pa Lunzu, tsiku limene amayi obwera ndi chimanga m'mawa adzabwerere ndi ufa dzuwa lisanafike pamutu.